Musanagule mapanelo, kaoneni kaye nthambo

Anthu amabwera kushopu kwanga ndi funso limodzimodzi. Wina ali ndi munda waukulu omwe anasiya kulimamo fodya, wina ndi wapampando wa kopaletivi, wina wangobwera kumene kuchokera ku Joni ndipo ndalama zikumuyabwa m'thumba. Onse amati: "Amisiri, dzuwa lonseli likungotiwotcha ulere. Bwanji nditchere sola yambiri ndizigulitsa magetsi ku ESCOM?" Ndimawapatsa mpando, chifukwa yankho lake ndi lalitali. N'zotheka, ena anachita kale. Koma mapanelo ndiwo amagulidwa pomalizira, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Ndisanafike pa za gridi, womwe ndi ukonde wa nthambo ndi makina a magetsi a dziko lonse, ndikuuzeni za chigayo china chomwe chinandichititsa manyazi ndili mnyamata pantchitoyi. Mwini wake anatopa ndi dizilo, ine n'kumuikira mapanelo ndi inveta, kabokosi kosintha magetsi a mapanelo kuti ayendetse mota. Papepala masamu anga anali bwinobwino: mota ikufuna mphamvu yakutiyakuti, mapanelo akutulutsa yoposerapo. Tsiku loyesa, amayi atandanda ndi madengu a mphale, mnyamata wapachigayo anadina batani. Mota inangoti "huuu" kamodzi, inveta n'kuthima. Ndinali nditaiwala kuti mota yaikulu ikamadzuka imakoka mphamvu kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuposa pamene ikuzungulira bwino. Titakonza zimenezo, chigayo chinayenda mpaka cha m'ma 2 koloko, pamene kamtambo kamodzi kanaphimba dzuwa. Phokoso la mota linatsika ngati munthu akubuula, lamba n'kuyamba kuterereka, ufa n'kusanduka misere. Mayi wina anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Bambo, ndiye tidikire mtambowu udutse?"

Gridi ya dziko ndi chigayo chomwecho, kungoti n'chachikulu. Magetsi sakhala m'nthambo kudikira munthu. Sekondi iliyonse, omwe akupangidwa ayenera kufanana ndi omwe akugwiritsidwa ntchito. Muyezo wake kwathu kuno ndi 50 Hz, nambala yomwe imayenderana ndi liwiro lomwe makina opukusa magetsi akuzungulira. Anthu akakoka kwambiri kuposa zomwe makina akupukusa, nambalayo imatsika, ndipo ikatsika mopitirira makina amadzithimitsa okha podziteteza, dziko lonse n'kuti bii. Makina a madzi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira ndi zitsulo zolemera zomwe zimazungulira, ndiye pakachitika kadzidzidzi kulemera kwawoko kumagwiririra kaye masekondi angapo. Mapanelo alibe chozungulira. Dzuwa likabisika, nawonso atsika pompo.

Ndiye choyamba, dziwani kukula kwa mbale yomwe mukufuna kuthiramo. Magetsi a madzi onse a EGENCO ndi pafupifupi mamegawati 400, ndipo pafupifupi onse ali pa mtsinje umodzi wa Shire, kupatula kasiteshoni kakang'ono ka Wovwe ku Karonga. Sola ya ku Salima yomwe inayamba mu 2021 ndi ya mamegawati 60. Kumayiko a gridi yaikulu 60 ndi dontho chabe, koma kwathu ndi gawo loti likagwa mwadzidzidzi aliyense amva. N'chifukwa chake ine ndimakonda masiteshoni apakatikati omwazikana kusiyana ndi chimodzi chachikulu. Mtambo womwe waphimba Salima sungaphimbenso Golomoti ndi Nkhotakota mphindi yomweyo. Chiperoni chikakuta Mulanje ndi Thyolo mu June ndi July, kunyanja dzuwa limakhala likuswa mtengo.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwera: pitani mukaone sabusiteshoni, pamalo pomwe nthambo zimakumana ndi mathiransifoma akuluakulu, yomwe ili pafupi ndi malo anu. Yezani mtunda wake ndi galimoto. Funsani a ESCOM kuti nthambo yomwe ikudutsa pamenepo ndi ya volteji yanji, 11 kV, 33 kV kapena 132 kV, ndipo ingalandire mphamvu yochuluka bwanji. Waya womwe unamangidwa kuti uzipititsa magetsi ku tauni yaing'ono sungasenze mamegawati 20 obwerera kumbuyo. Volteji imakwera, thiransifoma imatentha, ndipo adzakuuzani kuti muchepetse zomwe mukutulutsa pomwe ngongole kubanki ikuwerengabe masiku. Malo otchipa omwe ali makilomita 40 kuchokera pa sabusiteshoni ndi odula kuposa malo odula omwe ali pampanda pake, chifukwa nthawi zambiri wolipira nthambo yolumikizira ndinu. Sizinangochitika mwangozi kuti sola ya ku Golomoti ili pafupi ndi sabusiteshoni, chimodzimodzi ya ku Nanjoka ku Salima.

Wosakhulupirira akafunse ku Kenya. Ku Lake Turkana anaimika makina a mphepo 365, a mamegawati 310, ndipo anamaliza mu 2017. Nthambo yotengera magetsiwo, yotalika makilomita oposa 400, inatha mu 2018. Kwa nthawi yoposa chaka makina anangoima m'chipululu, boma likuwerengeredwa ndalama za magetsi omwe palibe anayatsira ngakhale babu limodzi. Kwathu msana wa gridi ndi nthambo ya 400 kV yochoka ku Phombeya ku Balaka kufika ku Nkhoma, yomwe inamangidwa ndi thandizo la dziko la America n'kutha mu 2018. Kumpoto nthambo n'zazitali komanso zofooka, ndipo izi muzikumbukire tikafika pa za mphepo.

Chachitatu, funsani kuti magetsi anu adzafika nthawi yanji. Dzuwa limapereka mphamvu zambiri kuyambira cha m'ma 9 m'mawa mpaka 3 masana. Koma dziko limafuna magetsi ambiri madzulo, anthu akaweruka, mbaula zayaka, ma TV atsegulidwa, ana akuwerenga. Nthawi imeneyo mapanelo agona kale. Mukawonjezera sola yokhayokha, masana mudzakhala ndi zotsala, madzulo kuthimathima kuli pomwepo, ndipo anthu adzati sola ndi bodza.

Mankhwala ake alipo angapo. Oyamba ndi madzi omwe tili nawo kale. Masana sola ikamagwira, makina ena a pa Shire angathe kupuma, madzi n'kusungika kuti adzapukuse madzulo. Vuto ndi loti madamu a Nkula, Tedzani ndi Kapichira ndi aang'ono, ndipo matope ochokera m'minda ndi m'mapiri omwe tinadula mitengo anawadzaza, osanenanso namasupuni. Amasunga madzi a maola ochepa chabe. Damu la Mpatamanga lomwe likukonzedwa, la mamegawati oposa 350, cholinga chake chachikulu n'chimenechi: kusunga madzi masana, kutsegula madzulo. Chomwe chimandisangalatsa ine n'chakuti dzuwa limaomba kwambiri mu September, October ndi November, nyanja ikamatsika ndipo Shire akuchepa mphamvu. Omwe akukumbukira mdima wa 2016 ndi 2017, mpaka dziko linachita kubwereka majenereta a dizilo, akudziwa chomwe ndikunena. Ndipo namondwe Ana atagumula Kapichira mu January 2022 n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130, sola ya ku Salima ndiyo inkatipepukitsako masana.

Achiwiri ndi mabatire. Ku Golomoti, pa sola ya mamegawati 20, anaikapo batire ya mamegawati 5 yosunga 10 MWh, kutanthauza mphamvu yofanana ndi mamegawati 10 kwa ola limodzi. Gawani nokha: ndi maola awiri ikamatulutsa mphamvu yake yonse. Musaganize kuti batire yotere ndi yoyatsira dziko usiku wonse. Ntchito yake yeniyeni ndi kugwira pamene mtambo wadutsa, kuti magetsi atsike pang'onopang'ono makina a madzi apeze mpata wodzuka, kenako kuthandizako pa ola lovuta la madzulo. Batire imayankha sekondi isanathe, chomwe makina a madzi sangachite. Ya mamegawati 20 yomwe anakhazikitsa ntchito yake ku Kanengo mu 2024 nayonso ndi ya ntchito yomweyo. Ngati mukulemba pulani ya sola lero popanda batire, dziwani kuti wogula adzakufunsani, ndiye ndi bwino muiwerengeretu pamtengo.

Achitatu ndi kulumikizana ndi anzathu. Nthambo ya 400 kV yochoka ku Matambo ku Tete kufika ku Phombeya, ya makilomita 218, phindu lake si kugula magetsi kokha ayi. Gridi yaing'ono ikamangiriridwa ku yaikulu ya kum'mwera kwa Africa, 50 Hz uja sagwedezeka msanga, ndipo mungathe kuthiramo sola yambiri mosaopa. Palinso njira yosalira ndalama: kusuntha ntchito. Mapampu a mthirira, zigayo, magiza otenthetsa madzi ndi mafiriji a nsomba zizigwira masana.

Tsopano mphepo. Apa ndimakangana ndi anthu kawirikawiri. Munthu amati, "Kwathu kumawomba mphepo, denga linasasuka chaka chatha." Mphepo yosasula denga tsiku limodzi si yopangira magetsi. Imafunika yowomba mokhazikika miyezi yambiri, ndiponso m'mwamba, mamita 80 kapena 100, osati yomwe mukuimva kumaso. Mphamvu yake imakwera modabwitsa: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kasanu ndi katatu. Kutanthauza kuti mukalakwitsa pang'ono poyeza, mwalakwitsa kwambiri pandalama. Choncho imikani chitsulo choyezera, chikhalepo chaka chathunthu, zikatheka ziwiri, chione mwera wa June mpaka August komanso bata la dzinja. Palibe banki yomwe ingakubwerekeni popanda manambala amenewo. Ubwino wa mphepo ndi woti imawombanso usiku, ndipo mwera amabwera nyengo yozizira pamene dzuwa lafookako, ndiye ziwirizi zimalandizana. Kuipa kwake, malo okwera omwe anthu amawatchula, ngati zitunda za ku Mzimba ndi Rumphi, ali kumene nthambo n'zofooka. Onaninso msewu. Phiko limodzi la makina amakono limatalika mamita oposa 50. Tangoganizani thiraki yonyamula chimenecho ikukhota m'makona a Chiweta.

Zikatheka zonsezi, pamatsala mapepala ndi anthu. Megawati imodzi ya sola imadya pafupifupi mahekitala awiri. Ngati malowo ndi a makolo, khalani pansi ndi mafumu komanso eni minda enieniwo, makamaka amayi omwe amalimapo, ndipo chipukutamisozi chiperekedwe ntchito isanayambe. Mpanda womangidwa anthu akudandaula sukhalitsa. Mudzafunika lipoti la zachilengedwe, laisensi ya MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndi mgwirizano wogulitsa magetsi ndi ESCOM. Mumgwirizanomo werengani mizere iwiri mobwereza: ndani ataya ndalama akakuuzani kuti muthimitse chifukwa nthambo yagwa, ndipo mtengo ukhala bwanji kwacha ikagwa. Zipangizo mumagula ndi madola, ogula amalipira makwacha, ndipo mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi.

Apa ndiye mugule mapanelo. Ayang'ane kumpoto, popeza tili kum'mwera kwa equator, opendekeka madigiri 10 mpaka 15 kuti mvula izitsuka fumbi. Siyani mpata pansi mphepo izidutsa, chifukwa panelo ikatentha imachepa mphamvu. Ku Chikwawa mu October mudzaona nokha pa mita. M'chilimwe fumbi ndi utsi wa moto wolusa zimamata pagalasi, ndiye pulani ya madzi otsukira ikhalepo, ndipo azitsuka m'mamawa galasi lisanatenthe. Tsiku lililonse muzitumiza kwa oyendetsa gridi chiyerekezo cha zomwe mutulutse mawa, ola ndi ola, kuti adziwe makina ati akhale tcheru.

Kwa inu a sola ya padenga la nyumba kapena shopu, mawu anga ndi awa: musalumikize inveta yanu ku waya wa ESCOM mwakabisira. Mita ina ya mayunitsi imawerenga magetsi omwe mukubweza ngati omwe mukugwiritsa ntchito, n'kukudyerani mayunitsi. Choopsa kwambiri, magetsi akathima mmisiri amakwera polo akudziwa kuti waya ndi wakufa. Inveta yoyenera imadzidula yokha gridi ikangothima. Musanalipire womangayo, muuzeni athimitse swichi yaikulu ya pa mita inu mukuona, kenako ayeze waya wochokera ku inveta kufika pa swichiyo, osati mbali ya kupolo yomwe imakhalabe ndi magetsi a ESCOM. Singano ikagwedezeka ngakhale pang'ono, ndalama zikhale kaye m'thumba.