Momwe mungafunsirire malo ku mayunivesite a boma mukakhoza Fomu 4

Zotsatira za MSCE zikatuluka, nthungululu zimamveka mpaka kumsika. Koma kukhoza pakokha sikukufikitsani ku Zomba kapena ku Bunda. Malo amachita kufunsira, ndipo ntchitoyi imadzera ku bungwe la NCHE, loyang'anira maphunziro a ukachenjede. Fomu yake ndi imodzi ya mayunivesite onse 6 a boma: UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS ya zaumoyo, LUANAR ya zaulimi, Mzuni ku Mzuzu ndi MUST ku Thyolo. Makolo amene mukadazolowera zoti Chanco, Poly ndi College of Medicine ndi banja limodzi, zimenezo zidatha mu 2021: Chanco ndiye UNIMA, Poly ndiye MUBAS, ndipo College of Medicine ili mu KUHeS.

Yambani ndi kuwerenga magiredi, osati mapointi okha (mapointi ndi chiphatikizo cha magiredi anu 6 abwino kwambiri, ndipo ochepa ndiwo abwino). Mufunika makirediti 6, ndipo Chingerezi chikhalemo. Giredi 1 ndi 2 ndiye kupambana kwenikweni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 mwangodutsa. Ngati Chingerezi mwapeza 7, olo masamu mukhale ndi 1, fomuyi musavutike nayo, kalembetseni mayeso kachiwiri.

Kenaka dikirani chidziwitso cha NCHE m'nyuzipepala, pawailesi kapena patsamba lawo lapaintaneti. Muli tsiku lotsekera, ndalama yolipira ndi zaka za mayeso zimene zikuloledwa chaka chimenecho. Izi zimasintha, ndiye musadalire zimene adachita achimwene anu zaka zapitazo. Chiphaso cha unzika chikhale pafupi, ndipo dzina likhale lofanana ndi lomwe lili pa zikalata za MANEB.

Funso limene ndimamva kwambiri ndi la kota: kodi boma lomwe mwana akuchokera likadali ndi ntchito? Ayi. Kota idayamba nthawi ya Kamuzu, khoti lidaikana mu 1993, Bingu adaibwezeretsa mu 2009 ndipo boma lililonse linkasungiridwa malo 10 asanagawe otsalawo. Mu February 2020 unduna wa zamaphunziro udalengeza kuti yathetsedwa. Choncho zolemba mudzi wa agogo aakazi pofuna kuzemba mpikisano wa kwanu zilibenso phindu. Chimene chidatsala ndi kukondera dala atsikana ndi ophunzira aulumali. Lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limafuna kuti m'sukulu za ukachenjede mbali iliyonse isachepere 40 pa 100 alionse. Ena amang'ung'udza akaona mtsikana walowa ndi mapointi ochulukirapo kuposa mnyamata amene watsala. Ine sindiona cholakwika, poti tikudziwa tonse amene amayamba wakatunga madzi ndi kutsuka mbale asanagwire kope. Ngati muli ndi ulumali, ulembeni pafomu, musaubise.

Tsopano pofika posankha mapulogalamu, khalani pansi, ikani foni ya macheza pambali.

Pamene pamagwa anthu ambiri ndi pano, ndipo ndi pamene mwana wa mlongo wanga adatayira chaka chathunthu. Adali ndi mapointi 13, ife tonse mtima m'malo. Adapita ku kafe ina ya intaneti kutauni kuti amuthandize kudzaza fomu. Mnyamata wa pamenepo, pofulumira kuti athandize ena omwe adali pamzere, adamufunsa funso limodzi: ukufuna kudzakhala ndani? Iye adati dokotala. Basi adamudzazira mipata yonse ndi mapulogalamu a zaumoyo okhaokha, udokotala, za mankhwala, za mano, onse olimbiranidwa ndi ana a mapointi 6, 7 ndi 8. Maina atatuluka, lake padalibe, pomwe anzake a mapointi 18 adatengedwa ku uphunzitsi wa sayansi ndi ku zaulimi.

Nkhani ili apa: simupikisana ndi dziko lonse, mumapikisana ndi okhawo amene asankha pulogalamu yomwe mwasankhayo. Komanso pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imayang'ana. A zaumoyo amafuna Biology, Chemistry, Physics ndi masamu zolimba. A uinjiniya ku MUBAS ndi ku MUST maso awo ali pa masamu ndi Physics. Mapointi anu atha kukhala okongola chifukwa cha Chichewa, Bible Knowledge ndi Agriculture, koma ngati Chemistry ili pa 6, ku KUHeS mukungoperekeza anzanu. Tengani mndandanda wa mapulogalamu womwe umabwera ndi chidziwitso, muwerenge zofunika za iliyonse ndi pensulo m'manja, mufufute zonse zimene simukukwanira. Pa zotsalazo, loto lanu liikeni poyamba, palibe choletsa. Pakati ikani zomwe magiredi anu akufikapo bwinobwino, ndipo kumapeto kukhale imodzi kapena ziwiri zomwe anthu sathamangira kwambiri koma inu mutha kuziphunzira osadandaula. Musaunjike zonse pa yunivesite imodzi. Funsaninso aphunzitsi aakulu a sukulu yanu kuti amene adatengedwa chaka chatha adali ndi magiredi otani, iwo amakumbukira.

Ganiziraninso za kutsogolo kwa digiriyo. Namwino sagwira ntchito asanalembetsedwe ku Nurses and Midwives Council, dokotala ku Medical Council of Malawi. Owerengera ndalama amalembabe mayeso a ICAM kapena ACCA atachoka kale ku koleji, ndipo mayesowo si a ndalama zochepa.

Za kafe ija ndionjezepo. Mnyamatayo adalembetsa ndi nambala ya foni yake komanso imelo yake, mawu achinsinsi n'kusunga yekha. Titafuna kuona zomwe zidatumizidwa, adayamba kutchula mtengo wina. Tsegulani imelo yanu, gwiritsani nambala yanu, ndipo batani lotumizira mudine nokha mutawerenga kawiri. Foni yamakono yobwereka ndi bandulo ya tsiku limodzi zimakwana. Chitani usiku kapena m'mamawa, ndipo osadikira sabata yomaliza pomwe aliyense ali pomwepo.

Ndalama ya fomu lipirani kudzera njira yokhayo imene yalembedwa m'chidziwitso, risiti musunge. Wina akakuimbirani kuti ali ndi munthu wamkati, mungomutumizira kenakake pa Airtel Money kapena Mpamba dzina lituluke, dulani foni. Amenewo amachuluka nyengo imeneyi ngati ngumbi mvula yoyamba.

Maina akatuluka ndipo lanu lilipo, thamangirani fomu ya ngongole ku bungwe la HESLGB, nayonso ili ndi tsiku lotsekera, ndipo si onse amapatsidwa. Malo ogona pasukulu ndi ochepa, yambani msanga kufunsa za nyumba zapafupi, koma musalipire chipinda chomwe mwangochiona pachithunzi.

Lanu likasowa, kuli makoleji a Domasi ndi Nalikule kwa ofuna uphunzitsi wa kusekondale, Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, kwa a zaumoyo, ndi sukulu za ntchito zamanja za pansi pa TEVETA. Mukalowera ku mayunivesite omwe si a boma, onani kaye pa mndandanda wa NCHE ngati pulogalamu yeniyeniyo ndi yovomerezeka, osati dzina la sukulu lokha, musanapereke fizi.