Kalulu wa Dürer mumuone mofatsa

Anzanga a ku Zomba, mukagula bandulo, fufuzani chithunzi cha kalulu chimene Albrecht Dürer wa ku Germany anajambula mu 1502. Chimasungidwa ku Albertina, nyumba yosungirako zojambulajambula mumzinda wa Vienna. Chonde musachidutse ngati zithunzi za pa Facebook. Chikulitseni ndi zala, muyambire pa ubweya, muone mmene wagonera uku ndi uko, pena wakuda, pena wotuwa. Kenako diso: muli kuwala kooneka ngati zenera. Kaluluyo wangoti phee, makutu ali chilili, koma ukamuyang'anitsitsa umachita kudikira kuti atakase mphuno. Ine ndimathera pamenepo.

Mukakhuta naye, onani chipembere chimene Dürer yemweyo anajambula mu 1515 atangomva za ena, osachiona ndi maso. Khungu lake lili ngati chovala chachitsulo. Kusiyana kwake muona nokha.

Loweruka lina m'mawa tengani kope ndi pensulo, mukakhale pansi ku Botanic Gardens, kapena mukwere ku Chawe. Sankhani pusi mmodzi. Mumuyang'ane kaye mphindi khumi musanalembe kanthu, makamaka manja ake akamasenda chipatso. Akathawa, musafufute zomwe mwayamba. Dikirani wina adzakhale chimodzimodzi.