Momwe Mungasamalire Chipsera Chotukuka cha Keloid

Keloid ndi chipsera chomwe chimapitirira kukula mpaka kudutsa malire a bala loyamba, chifukwa thupi limapanga kolajeni (puloteni yomwe imalimbitsa khungu) wochuluka kwambiri pamene bala likupola. Si khansa ndipo sichipatsirana, koma chimayabwa, nthawi zina chimapweteka, ndipo chimakonda kutuluka pakhutu, pachifuwa ndi pamapewa, makamaka kwa anthu a khungu lakuda.

Musachidule nokha kapena kuchimanga ndi ulusi, popeza bala latsopano likhoza kusiya chipsera chachikulu kuposa choyamba. Pitani kwa dokotala chikadali chaching'ono. Kawirikawiri amabaya mankhwala ochepetsa kutupa a steroid monga triamcinolone m'chipseramo pakatha milungu 4 mpaka 6 iliyonse, kuti chifewe ndi kuphwa pang'onopang'ono. Ambiri amalekera panjira, komatu jakisoni mmodzi sakwanira. Mungathenso kumata timapepala tofewa ta silikoni pamalopo kwa maola osachepera 12 tsiku lililonse kwa miyezi ingapo.

Opaleshoni payokha si yodalirika, chifukwa chipseracho chimameranso kawirikawiri ngati sipanatsatire jakisoni, chipangizo chopanikizira malowo kapena chithandizo cha radiotherapy (chogwiritsa ntchito cheza champhamvu chochokera m'makina). Ngati munakhalapo ndi keloid, pewani kuboola makutu ndi kudinda zizindikiro pakhungu, ndipo muuzeni dokotala musanachitidwe opaleshoni iliyonse.