Kompyuta ya Linux ikamangozima n'kudziyatsanso yokha: poyambira

Musathamangire kufufuta zonse n'kuikamo Linux watsopano. Yambani mwadziwa kuti wagwetsa makinawo ndani, kernel (mtima wa Linux, womwe umayendetsa zipangizo za kompyuta) kapena zipangizo ndi magetsi, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana.

Mu terminal (windo lolembamo malamulo) lembani `last -x reboot shutdown`. Mukaona "reboot" yopanda "shutdown" yake, makinawo sanazime mwadongosolo. Kenako `journalctl -b -1 -e` ikuonetsani mizere yomaliza asanazime. Ikapanda kuonetsa kanthu, ikani `Storage=persistent` mu /etc/systemd/journald.conf n'kudikira kuti vutolo lichitikenso. Mawu oti muwafufuze ndi "Oops", "BUG:", "watchdog" ndi "Machine check".

Vuto n'lakuti kernel ikagwa kotheratu, nthawi zambiri siipeza mpata wolemba uthenga wake womaliza pa disiki. Tsono iletseni kudziyatsanso: `sysctl -w kernel.panic=0` imachititsa makina kuima pomwepo, ndipo ngati sikirini ikuonetsa uthengawo mungaujambule ndi foni. Onaninso mu /sys/fs/pstore ndi /var/lib/systemd/pstore, momwe makina ambiri a UEFI (pulogalamu yoyatsa kompyuta yomwe inalowa m'malo mwa BIOS yakale) amasunga mawu otsiriza a kernel.

Ngati muli ndi kompyuta ina pa netiweki yomweyo yolumikizidwa ndi waya, netconsole, yomwe imatumiza mauthenga a kernel ku kompyuta inayo, ndiyo yothandiza kwambiri. Pa yolandira lembani `nc -u -l 6666`, pa yodwalayo `modprobe netconsole netconsole=@/eth0,6666@192.168.1.10/`, koma m'malo mwa eth0 ikani dzina la khadi la netiweki la yodwalayo, ndipo m'malo mwa 192.168.1.10 ikani adiresi ya yolandira. Mzere uliwonse umatumizidwa nthawi yomweyo, makina asanafe.

Uthenga ukapezeka, onani dzina la driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) m'gawo lake lotchedwa "Call Trace". Werenganinso /proc/sys/kernel/tainted: nambala ikakhala yosiyana ndi 0, mwina muli driver wakunja, monga wa NVIDIA, ndipo mumuchotse kaye musanaimbe kernel mlandu. Ngati vutolo layamba mutangokweza kernel, sankhani yakale pa "Advanced options" ya GRUB, mndandanda wosankhira womwe umabwera kompyuta ikamayaka. Likasiya, mwapeza pomwe pali chilonda.

Nanga zonsezi zikakhala zii? Apo kaikirani zipangizo. Yendetsani Memtest86+, pulogalamu yoyesa RAM (memory ya kompyuta), usiku wonse. Cholakwika ngakhale chimodzi n'chokwanira, ndipo muyese RAM imodziimodzi kuti mupeze yowonongekayo. Lamulo la `sensors` likuuzani kutentha kwa purosesa. Fumbi lodzadza pa fani ndi phala louma (thermal paste) pansi pa heatsink, chitsulo choziziritsa purosesa, ndizo zimatenthetsa kawirikawiri. Makina ozima akangopatsidwa ntchito yolemetsa amaloza power supply (bokosi logawa magetsi m'kompyuta) yotopa, ndipo kumene magetsi amaphethiraphethira yesani kaye pa UPS, batire lothandizira magetsi akazima.

Makina ena amagwa akakhala phee osagwira ntchito. Izi zinadziwika pa mapurosesa a Ryzen oyambirira a 2017 ndi a Intel Bay Trail. Pa Intel onjezani `intel_idle.max_cstate=1` pa mzere wa kernel mu GRUB; pa Ryzen sinthani "Power Supply Idle Control" mu BIOS ikhale "Typical Current Idle". Muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi n'kulemba tsiku lake, apo ayi simudzadziwa chomwe chathandiza.