Munasiyira digiri panjira koma mukufuna Masters? Yambirani apa

Kuno ku Salima alipo aphunzitsi, ogwira ntchito m'maofesi a pa boma ndi m'mahotela a ku Senga Bay amene anafikapo ku yunivesite koma sanamalize, ndipo tsopano akufuna Masters. Zoona zake n'zakuti chimene UNIMA, LUANAR, MUBAS, Mzuni, KUHeS ndi MUST amayamba kufunsa ndi digiri yoyamba yomalizidwa. Zaka zitatu mwa zinayi saziwerenga ngati digiri, ngakhale munkakhoza bwanji. Musataye ndalama ya fomu. Ntchito yanu ndi kumaliza kaye digiriyo.

Yambani ndi kudziwa chimene chinalembedwa m'faelo yanu pochoka. Apa mpamene pagona nkhani. Amene analemba kalata yopempha kuimitsa maphunziro chifukwa cha matenda kapena fizi, malo ake amakhala osungidwa kwa nthawi yoikika. Amene anawididwa (kuchotsedwa sukulu) atalephera sapu (mayeso obwereza) ali pena. Ndiye pali uja anangonyamuka osatsanzika: mayeso amene sanalembe amaoneka ngati analephera, ndipo zimenezi zimatsitsa magiredi onse. Lembani kalata ku ofesi ya Registrar, muikemo nambala yanu ya pasukulu, pulogalamu ndi chaka chimene munasiya, mufunse ngati mungabwerere. Ngati munali ku Polytechnic kapena ku College of Medicine, dziwani kuti kuyambira 2021 sukuluzi zinachoka mu University of Malawi. Polytechnic tsopano ndi MUBAS, ndipo College of Medicine ili mu KUHeS, choncho funsani kumeneko.

Kenako tengani transcript, pepala loonetsa makosi amene munaphunzira ndi magiredi ake. Sukulu siitulutsa ngati muli ndi ngongole ya fizi kapena buku la ku laibulale limene simunabweze, choncho pitani kaye ku akaunti. Ngongole ya boma ya HESLGB, bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, nayonso siifa chifukwa munasiya sukulu.

Transcript ikakhala m'manja, njira yachidule ndi kubwerera komwe munasiyira. Koma musachedwe, chifukwa pulogalamu iliyonse ili ndi malire a zaka zomalizira, ndipo silabasi ikasintha akhoza kukubwezani m'mbuyo. Zikakanika, pemphani yunivesite ina ikuwerengereni makosi amene munakhoza. Amafuna transcript ndi pepala lofotokoza zimene munaphunzira m'kosi iliyonse. Ambiri amaiwala pepala lachiwirili, n'kubwerezedwa makosi amene anakhoza kale. Kwa munthu wapantchito, wabanja, amene sangasamuke ku Salima, maphunziro a ODL (ophunzira muli kwanu) monga a Mzuni ndi LUANAR, kapena makalasi a Loweruka ndi Lamlungu ku Lilongwe, ndi othandiza kwambiri.

Musanalipire kwacha iliyonse ku sukulu yomwe si ya boma, onani mndandanda wa sukulu ndi mapulogalamu ovomerezeka wa bungwe la NCHE, loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite. Onani pulogalamu yeniyeniyo, osati dzina la sukulu lokha. Zimapweteka kuona munthu wavutika zaka zinayi kenako digiri yake n'kukanidwa.

Digiri ikatheka, polembera Masters musabise zakale. Fomu ikafunsa sukulu zonse zimene munaphunzirako, lembani zonse, ndipo makamaka mayunivesite akunja amafuna transcript ya kulikonse. Akazindikira okha kuti munabisa, akhoza kukuchotsani ngakhale mutayamba kale. M'kalata yanu fotokozani mwachidule, mizere iwiri kapena itatu: munasiya liti, chifukwa chiyani, munamaliza bwanji. Osadandaula kwambiri. Amene amasankha amayang'ana magiredi a digiri yomalizidwayo. Ambiri amafuna digiri ya credit, ndipo amene ali ndi pass, yomwe ndi yotsikirapo, amathandizidwa ndi zaka zimene wagwira ntchito. Chevening, sikolashipu ya boma la UK, imafuna digiri ndi zaka ziwiri za ntchito.

Ngati munalemba mayeso onse koma mwambo wolandira digiri sunachitike, inu simunasiyire panjira. Pemphani kalata ya Registrar yotsimikiza kuti munamaliza, muitumize pamodzi ndi transcript. Mafotokope onse adindidwe ndi Commissioner for Oaths, monga majisitireti wa pa boma, musanawatumize.