Kasamalidwe ka mabuleki a galimoto: mapadi, madisiki ndi mafuta ake

Buleki imaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Mukaponda, mapadi amafinya disiki yomwe imazungulira limodzi ndi gudumu, ndipo mphamvu yonse ya galimoto imathera pomwe ziwirizi zikukhuzana. Liwiro likawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanayi. Mavuto ambiri a mabuleki gwero lake ndi limeneli.

Magalimoto oyambirira ankaima ndi chipika cha mtengo chokanikiza gudumu. Mu 1902 Louis Renault anabweretsa buleki ya dilamu (chitsulo chonga mphika chozungulira limodzi ndi gudumu, chomwe chimakhuzidwa mkati mwake), koma dilamu ndi yotsekeka, imasunga kutentha, ndipo ikatentha kwambiri imasiya kugwira. Chaka chomwecho Frederick Lanchester analembetsa buleki ya disiki ku England. Disiki ili poyera, imazizira ndi mphepo, komabe anthu anayamba kuikhulupirira Jaguar itapambana nayo mpikisano wa Le Mans mu 1953. Zokoka ndi ndodo ndi mawaya zinalowedwa m'malo ndi mafuta oyenda m'mapaipi, nzeru ya Malcolm Loughead, yomwe Duesenberg inaika pa magudumu onse anayi mu 1921.

Yambani ndi mapadi, poti ndiwo amatha msanga. Imikani galimoto pamalo osalala, ikwezeni ndi jeke, ikani chochirikiza pansi pake (jeke yokha si yoidalira), vulani tayala. Padi yatsopano imakhala yochindikala mamilimita 10 mpaka 12. Ikafika pa 3, sinthani. Musadikire phokoso la chitsulo kukwecha chitsulo chinzake, chifukwa pamenepo disiki yayamba kale kukumbika. Mapadi amasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Ngati padi yamkati yatha kwambiri kuposa yakunja, timapini ta kalipa (chitsulo chomwe chimagwira mapadi n'kuwafinyira padisiki) tauma: titsukeni, tipakeni gilizi wa mabuleki, koma asakhudze padi kapena disiki. Padisiki pamalembedwa muyezo wotsiriza wa kuchindikala kwake. Ikapyapyala kuposa pamenepo, yatha ntchito. Mukamanga zonse, popani buleki kangapo mpaka ilimbe musanasunthe galimoto, apo ayi kuponda koyamba kudzangolowa pansi.

Mafuta a mabuleki ndiye ambiri amawaiwala, pomwe ngozi yake siipereka chenjezo. Mafuta a mitundu yotchedwa DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi pang'onopang'ono. A DOT 4 atsopano sawira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi amatha kuwira pa madigiri 155 okha. Pamtsetse wautali, mabuleki akatentha, madziwo amasanduka nthunzi m'mapaipi. Mafuta safinyika, nthunzi imafinyika, ndiye phazi limangomira galimoto ikupitabe. N'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa pakatha zaka 2, ngakhale akuoneka oyera. Thirani mtundu womwe walembedwa pachivindikiro cha kathanki, kuchokera m'botolo longotsegula kumene. DOT 5 ndi ya mtundu wina, musaisakanize ndi enawa. Ndipo potsetsereka, lowetsani giya yotsika kuti injini ithandize kugwira galimoto m'malo mokhalira pa buleki.

Mafuta akatsika pang'ono m'kathanki, kawirikawiri ndi mapadi omwe akutha. Akatsika msanga, penapake pakudontha: yang'anani mapaipi a labala ngati ang'aluka, komanso kuseri kwa matayala ngati kwanyowa. Galimoto yoteroyo isayende.

Phazi nalo limakuuzani zambiri. Buleki yofewa ngati siponji ndiye kuti mwalowa mpweya. Potulutsa mpweyawo pamafunika anthu awiri: wina amapopa n'kugwiriza buleki pansi, mnzake amatsegula kavavu ka pakalipa n'kukatseka phazi lisanachoke, kuyambira pagudumu lomwe latalikira kwambiri kathanki, pokhapokha buku la galimotoyo litanena zina. Buleki yomwe imamira pang'onopang'ono mutaigwiriza ndi chizindikiro choti timalabala ta mu master cylinder (pampu yomwe imakankha mafuta mukaponda buleki) tatha. Chiwongolero chikamanjenjemera poponda, madisiki akutsogolo sali osalala. Galimoto ikamakokera mbali imodzi, kalipa imodzi yakakamira.

Pali kunjenjemera kumodzi kosadetsa nkhawa. ABS, yomwe Bosch ndi Mercedes-Benz anatulutsa mu 1978, imagwira n'kumasula gudumu kambirimbiri pasekondi kuti lisatseke, muthe kuwongolera. Mukaponda mwadzidzidzi n'kumva buleki ikugunda kuphazi, pitirizani kuponda mwamphamvu, osapopa. Getsi la ABS likapanda kuzima injini italira, mabuleki wamba akugwirabe koma ABS yasiya, ndipo nthawi zambiri vuto limakhala sensa ya pagudumu (kachipangizo koyeza liwiro la gudumu) yomwe yada kapena waya wake wadukira.