Momwe mungalumikizire LFO ndi envelope mu Vital kuti saundi isamamveke youma

Anyamata ambiri amene timapanga nawo ma beat kuno ku Mbare ndi Highfield ku Harare amangotsegula preset (saundi yokonzedwa kale), kuponya ma note, basi, kenako nkumadandaula kuti bass ikumveka youma. Vuto si synth ayi, nkuti mkati mwa saundiyo mulibe chomwe chikuyenda. Ine ndigwiritsa ntchito Vital, synth (pulogalamu yopangira ma saundi) ya Matt Tytel yomwe inatuluka mu 2020, poti ili ndi version yaulere komanso imalowa bwinobwino mu FL Studio, pulogalamu yopangira ma beat, koma mu synth ya Serum nkhani ndi yomweyi.

Musanagwire mouse dziwani zinthu zitatu: chokankha, chokankhidwa, ndi mphamvu yokankhira. Chokankha ndiye source, monga LFO (funde lokwera ndi kutsika mobwerezabwereza), envelope (kayendedwe koyamba mukamenya note), velocity (mphamvu yomenyera keyboard) kapena mod wheel (kagudumu ka pambali pa keyboard). Chokankhidwa ndi destination, mphamvuyo ndi amount.

Choyamba tsegulani Init preset, ija yoyambira, muyatse Filter 1 yosefera saundi, imabwera yozima ndiye ambiri amakokera zinthu pamenepo osamva kusintha kulikonse nkumati pulogalamu yafa. Tsitsani cutoff (pomwe filter imayambira kudula saundi) pang'ono saundi ikhale ngati yatsekedwa pakamwa.

Kenako gwirani LFO 1, ikokeni mukaiponye pa cutoff. Muona kakombero kakang'ono katulukira, ameneyo ndiye amount, kwezani pang'onopang'ono uku mukumvera. Frequency ya LFO isiyeni pa tempo musankhe 1/4 kapena 1/8 kuti kugwedezekako kuziyenda ndi ng'oma zanu, apo bii bass ipita kwake kick kwake.

Envelope ndi ina. Env 1 inamangidwa kale ku volume, ndiye ya filter tengani Env 2, iponyeni pa cutoff yomweyo, attack pa ziro, decay yaifupi, sustain pansi. Note iliyonse izilowa yowala nkuzima msanga, pluck ija imamveka m'ma riddim ndi imeneyi. Mukaonjezera velocity, yomwe imafika 127, pa cutoff, kumenya keyboard mwamphamvu kuzitsegula saundi ngati munthu wakoka waya wa gitala ya sungura.

Gawo lomwe ndimalikonda ndi vibrato, kunjenjemera kwa note. Tengani LFO 2, ichotseni pa tempo iziyenda ka 5 kapena 6 pa sekondi, muiponye pa fine tune ya OSC 1 (oscillator, gwero la saundi) osati pa transpose, chonde, imeneyo imakankhira pitch kutali kwambiri. Pitani pa tab ya Matrix muyatse bipolar pa mzere umenewo kuti pitch izikwera ndi kutsika mozungulira note yake, isamangopita mmwamba. Ndiye ikani amount ya LFO 2 pa ziro, kokani mod wheel muiponye pa kakombero kakeko. Vibrato izibwera pokhapokha mwakankha wheel, mmene amachitira oyimba keyboard ku tchalitchi kumapeto kwa note yaitali, osati kunjenjemera nyimbo yonse.

Mu Matrix momwemo ndi momwe mumaona zonse mwalumikiza, mzere ndi mzere, china chikasokonekera zimitsani umodzi umodzi mpaka mupeze wolakwa. Ndipo sevani preset pompopompo, ine magetsi anandithimira ndisanaseve bass yomwe ndinaikonza madzulo onse, mpaka pano sindinaipezenso mmene inkamvekera.